Ndayamba gemu mochedwa ndipo magulu a raid akungondikana

Kalata ya owerenga:

"Moni akatswiri. Ndili ndi zaka 31, masana ndimagwira ntchito ndipo ndimasewera madzulo. Miyezi isanu yapitayo ndinayamba World of Warcraft, gemu ya pa intaneti yomwe anzanga ena anayamba ali pasukulu. Ndimasewera mage, msilikali woponya matsenga. Ndafika pa levulo yomaliza, zida ndasonkhanitsa zooneka bwino, ndipo raid (nkhondo ya gulu lalikulu la osewera yolimbana ndi zilombo) ija imene gemu imakusankhira yokha anthu ndamaliza kawiri. Koma ndikafuna kulowa ya Normal kapena ya Heroic, zomwe ndi zovuta kuposa imeneyo, ndikungokanidwa. Loweruka lapitali ndinapempha magulu 23, palibe ndi limodzi lomwe linandilandira. Ambiri amalemba kuti akufuna munthu amene anapha kale chilombo chomaliza. Nanga ndichipha bwanji pomwe sakunditenga? Tsiku lina gulu linanditenga, ndinafa kawiri pa chilombo choyamba, kenako anangondichotsa osanena kanthu. Mnzanga akuti ndingolipira anthu andinyamule kuti ndipeze umboniwo. Kodi ndachedwa? Ndingosiya?"

Yankho:

Achimwene, musasiye. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo zomwe mwafotokozazi amakumana nazo pafupifupi aliyense wolowa gemu yakale ali yekha. Ndatsogolera magulu a raid kwa zaka zoposa 12, makamaka mu World of Warcraft, ndiponso mu Final Fantasy XIV ndi Guild Wars 2. Ndakhalapo wopempha amene akukanidwa, ndakhalaponso mtsogoleri amene akudina batani lokana. Ndiye ndikuuzani zimene zimachitika mbali inayo, chifukwa mukaziona mtima ukhala pansi, ndipo mudziwa khomo loyenera kugogoda.

Tiyambe ndi nkhani yochedwayi. N'zoona kuti World of Warcraft inatuluka mu November 2004, ndipo alipo amene akhala akusewera kuchokera nthawi imeneyo. Koma zida zimene anapeza mu 2004, ngakhale za chaka chathachi, siziwathandiza pa raid ya lero. Gemuyi inakonzedwa moti raid yatsopano ikatuluka, zida zakale zimatsala m'mbuyo ndipo aliyense amayambanso kukwera. Munthu amene anapha chilombo chotchedwa Ragnaros mu raid yakale ya Molten Core m'gulu la anthu 40, akapumula chaka chimodzi amabwerera ali pomwe muli inupo. Mu 2020, potulutsa gawo latsopano la Shadowlands, a Blizzard, opanga gemuyi, anafinya malevulo, moti amene anali pa 120 anadzuka ali pa 50, kuti ulendo wa wobwera kumene ufupike. Guild Wars 2 inatenga njira ina, levulo yomaliza yakhala 80 kuchokera mu 2012 osakwera. Opanga magemuwa amadziwa kuti gemu yopanda obwera kumene imafa, ndiye pa nkhani ya malevulo ndi zida anakulambulirani kale njira.

Akale ali ndi zinthu ziwiri zimene inu mulibe. China ndi maso ndi manja ozolowera. Akaona bwalo lofiira pansi pa mapazi, zala zimasuntha zokha mutu usanaganize, pakuti aona mabwalo otere kambirimbiri. Zimenezi mudzazipeza, ndipo msanga kuposa momwe mukuganizira. Chinacho ndiye chachikulu: ali ndi anthu owadziwa. Akafuna raid samapempha magulu 23, amangolemba mu Discord, pulogalamu yochezerana ya osewera, kuti "ndabwera", malo n'kupezeka.

Tayerekezani kuti mwakhala pampando wanga Loweruka usiku. Ndatsegula gulu la Heroic ndipo ndikufuna anthu 20. Awiri ndi a tank, oima kutsogolo kuti chilombo chizimenya iwo. Anayi ndi ochiritsa. Otsalawo ndi omenya, omwe timati a DPS, kumene kuli inu. Malo a omenya atsala amodzi. Pasanathe mphindi zitatu mayina adzaza sikirini mpaka pansi. Pa dzina lililonse ndikuona tizinthu tochepa: mtundu wa msilikali amene munthuyo akusewera, nambala yosonyeza mphamvu ya zida, ndi nambala ina yosonyeza zimene anachitapo. Sindikudziwa kuti dzulo munaonera mavidiyo mpaka pakati pa usiku, sindikudziwa kuti ndinu munthu womva akauzidwa. Kumbuyo kwanga kuli anthu 18, ena agoneka ana msanga kuti apeze maola awiri amenewa, ndipo pa zilombo zambiri munthu mmodzi akaphonya, gulu lonse limaphedwa n'kuyambiranso, chomwe timati wipe. Ndiye ndimasankha wa nambala yaikulu, ena onsewo akanidwa. Mwa magulu 23 aja, ndikukhulupirira kuti ambiri sanawerenge n'komwe dzina lanu.

Sizinali choncho kuyambira kale. Zaka zoyambirira, seva iliyonse (kompyuta ya kampani imene osewera amalumikizanapo) inali ngati mudzi, munkakumana ndi anthu omwewo tsiku ndi tsiku, ndipo mbiri ya munthu inkayenda pakamwa. Wochiritsa wabwino ankadziwika, wakuba zida za anzake ankadziwikanso. Mu December 2009 kunabwera Dungeon Finder, yosonkhanitsa anthu a maseva osiyana popanda kulankhulana, ndipo mu November 2011 kunabwera Raid Finder, yomwe mwamaliza kawiri ija. Zinathandiza anthu ochuluka kuona malo omwe sakanawaona. Koma zinachititsanso kuti tizisewera ndi alendo okhaokha, ndipo pamene palibe wokudziwa, manambala ndiwo amalowa m'malo mwa mbiri. N'chifukwa chake mu World of Warcraft amakufunsani Ahead of the Curve, chizindikiro choti munapha chilombo chomaliza pa Heroic raid ikadali yatsopano. Mu Guild Wars 2 amafunsa KP, umboni woti munaphapo. Mu Destiny 2, momwe raid imakhala ya anthu 6, amalemba KWTD, kutanthauza kuti ubwere ukudziwa kale chochita. Onsewa akufunsa funso limodzi: tikudalire bwanji pomwe sitikukudziwa? Pa mpikisano wa manambala wobwera kumene amagonja nthawi zonse. Njira yanu ndi yoti mupeze anthu akuti akudziweni, chifukwa munthu wodziwika safunsidwa umboni.

Apa ndikunena za guild, gulu lokhazikika la osewera lomwe limakumana masiku odziwika sabata iliyonse. Ndikhalitsa pamenepa chifukwa ambiri amalowa guild yolakwika n'kuganiza kuti zonse n'zotero. Guild imene yakuitanani mwadzidzidzi muli pakati pa ulendo, osakupatsani ngakhale moni, kawirikawiri imangofuna kuchulukitsa mayina. Mudzapeza muli anthu mazana koma mukalemba moni palibe woyankha. Imene mukufuna inu ndi yaing'ono, ya anthu ogwira ntchito masana ngati inu, yochita Normal ndi Heroic kamodzi kapena kawiri pa sabata, yonena poyera kuti imalandira ophunzira. Zotere zimapezeka pa chida chofufuzira ma guild m'gemu momwemo, pa tsamba la intaneti la Raider.IO, ndi m'maseva a Discord olembera anthu. Alipo magulu a pa Discord omwe anakhazikitsidwa n'cholinga chophunzitsa raid basi, oyendetsedwa ndi anthu amene anatopa ndi zokanana. Mu Destiny 2 wophunzitsa wotere amamutcha sherpa, ndipo mu Guild Wars 2 ma raid ophunzitsira ndiwo khomo lomwe ambiri analowera.

Pali chinthu china chokukomerani chomwe mwina simunachidziwe. Kuchokera mu 2014, raid ya Normal ndi ya Heroic imalola anthu kuyambira 10 mpaka 30, ndipo mphamvu ya chilombo imakula kapena kuchepa malinga ndi chiwerengero. Ndi Mythic yokha, yovuta kuposa zonse, imene inaikidwa pa anthu 20 ndendende chaka chimenecho. Ndiye guild ya anthu 16 ikakutengani, palibe amene wachotsedwa kuti inu mulowe. Komanso mage amabwera ndi mphatso zake: Arcane Intellect imawonjezera mphamvu kwa onse ogwiritsa ntchito matsenga m'gulumo, ndipo Time Warp imafulumizitsa gulu lonse. Gulu lopanda mage limakufunani.

Polembera guild, nenani zoona ndipo nenani masiku. Uthenga umene umandigwira mtima ine umaoneka motere: "Moni. Ndayamba miyezi isanu yapitayo, ndimasewera mage. Normal sindinamalizepo, Raid Finder ndamaliza kawiri ndipo mavidiyo a zilombo ndaonera. Ndimapezeka Lachitatu ndi Lamlungu kuyambira 8 koloko mpaka 11 koloko usiku, nthawi ya seva. Discord ndili nayo. Ndikufuna gulu loti ndizikhala nalo sabata iliyonse." Mtsogoleri aliyense wa guild ali ndi vuto limodzi lomusowetsa tulo, la anthu osabwera. Wosewera waluso amene amapezeka sabata ino n'kusowa sabata ziwiri amativutitsa kuposa wophunzira amene amakhala atalowa mphindi khumi nthawi isanakwane, sabata ndi sabata. Luso tikhoza kuphunzitsa, koma munthu wosasunga nthawi sitingamusinthe. Musalonjeze masiku amene simungakwanitse pofuna kuti akutengeni. Ndipo inunso afunseni: kodi gulu likaphedwa kakhumi pa chilombo chimodzi mumatani? Zida mumagawana bwanji? Munthu akalakwitsa mumamuuzira pagulu kapena pambali? Mayankho a mafunso amenewa adzakuuzani zambiri kuposa mndandanda wa zilombo zomwe anapha.

Tsopano za kufa kwanu kawiri kuja. Kukuchotsani osanena kanthu kunali kupanda ulemu, ndipo ine sindilola zotero m'gulu langa. Koma imfa ziwirizo zili ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho n'chofunika kuchipeza. Raid Finder imaphunzitsa maonekedwe a chipinda, siiphunzitsa chilango. Zinthu zambiri zomwe zimapha pa Normal, kumeneko zimangokanda, zina anazichotseratu, ndipo gulu likaphedwa gemu imaliwonjezera mphamvu kuti lidutse. Munthu akhoza kumaliza kawiri ataima pamoto osadziwa kuti unali moto. Mukafa, gemu imakuonetsani kabokosi kosonyeza zinthu zomaliza zimene zinakumenyani. Katseguleni nthawi zonse. Mukaona dzina la chimene chinakuphani, lipezeni m'buku la zilombo la m'gemu momwemo, Adventure Guide, muwerenge chomwe munayenera kuchita.

Pokonzekera, musayese kuloweza chilichonse. Vidiyo yofotokoza chilombo imatha kukhala ndi zinthu khumi ndi zisanu, koma zokhudza womenya zimakhala ziwiri kapena zitatu: uthawire kuti ukaikidwa chizindikiro pamutu, ndi tizilombo titi toyenera kuphedwa msanga, ndi matsenga ati oyenera kudulidwa. Kwa mage, Counterspell (yodulira matsenga a mdani), Blink (yothawira) ndi Ice Block (yodzitetezera) zikhale pa mabatani amene chala chimafika osayang'ana kiyibodi. Obwera kumene ambiri amayang'anitsitsa timabatani ta m'munsi mwa sikirini kuti amenye molondola, pamene chowapha chili pansi pa mapazi awo. Pitani pa chidole choyeserera chija cha mumzinda, mumenye mphindi khumi tsiku lililonse mpaka muzitha kuchita osayang'ana pansi, kenako muyesere mukuyenda. Usiku woyamba palibe amene akuyembekezera kuti mukhale pamwamba pa mndandanda wa omenya. Tikuyang'ana ngati muli moyo chilombo chikamagwa. Bwerani ndi mankhwala owonjezera mphamvu ndi ochiritsa m'thumba, zida zitakonzedwa, ndipo valani mahedifoni. Ngati simukufuna kulankhula palibe vuto, ambiri salankhula, koma kumva mtsogoleri akamati "balalikani" kumapulumutsa.

Zaka zingapo zapitazo mayi wina analowa m'gulu lathu ngati wochiritsa. Asanalowe ananena kuti sanachitepo raid ndipo manja ake akunjenjemera. Anatiuza kuti wamata kapepala m'mphepete mwa sikirini, pa chilombo chilichonse mizere itatu yolemba pamanja. Usiku umenewo anafa kanayi. Titamaliza, anthu akutsanzikana, iye anandilembera pambali: "Pa chilombo chachitatu chinandipha n'chiyani? Ndimaganiza kuti ndinali kutali." Tinakhala mphindi khumi ndikumuonetsa kuti funde la chilombocho limabwerera kuchokera kukhoma. Sabata yotsatira funde lomwelo linapha anthu awiri akale, iye ali chilili. Patatha chaka ndiye anali kugawa ntchito kwa ochiritsa onse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo m'ma raid ndaziona ndi maso. Mukanena kuti ndi koyamba, magulu ena adzakukanani, inde, koma amenewo ndi omwe akanakuchotsani pakati pa ulendo. Amene adzakutengani akudziwa, adzakufotokozerani.

Nthawi yolowera imathandizanso. Raid yatsopano ikangotuluka, sabata yoyamba palibe amene ali ndi umboni, aliyense akuphunzira, ndipo magulu amapirira kuphedwa. Miyezi ikadutsa, otsala m'magulu a alendo ndi ofuna kumaliza mwachangu, ndipo ndi pamene zokanana zimakula. Zikuoneka kuti inu mwafika pa levulo yomaliza nyengo ya raid ili pakati kapena kumapeto. Kwa magulu a alendo imeneyi ndi nthawi yoipa, koma kwa ma guild ndi yabwino kwambiri, chifukwa anthu ayamba kutopa ndi kupumula, malo atseguka, ndipo ambiri amachita Normal ya chisangalalo ndi asilikali awo achiwiri, momwe wophunzira sasokoneza kanthu. Mukalowa panopa, raid yotsatira ikamatuluka mudzakhala muli kale wa m'nyumba. Dziwaninso kuti zilombo zimapereka zida kamodzi pa sabata, ndipo sabata ya gemu imayamba Lachiwiri pa maseva a ku America, Lachitatu pa a ku Ulaya. Magulu amachuluka masiku oyambirirawo.

Ena adzakuuzani kuti musinthe mukhale tank kapena wochiritsa chifukwa amasowa. Pali zoona pang'ono. M'mapanga a anthu asanu, mmodzi mwa asanu ayenera kukhala tank, ndiye amasakidwa ngati golide. Koma mu raid a tank ndi awiri okha, kaya gulu ndi la anthu 12 kaya 30, ndipo malo amenewa m'ma guild amakhala ndi eni ake okhazikika. Ochiritsa ndiwo amapeza malo mosavuta. Ngati kuchiritsa kumakusangalatsani, yesani. Ngati mage ndiye amakukokerani pakompyuta madzulo, khalani pomwepo, pakuti munthu amachita bwino pa chomwe amakonda.

Njira ina imene anthu amaiopa pachabe ndi kutsegula gulu lanulanu. Lembani momveka kuti ndi Normal yophunzirira, mukuyamba pa chilombo choyamba, ndipo osapirira asalowe. Mudzadabwa kuchuluka kwa anthu omwe anali kukanidwa limodzi nanu Loweruka lija. Kawirikawiri pamabweranso wakale mmodzi kapena awiri okonda kuphunzitsa, ndipo mukhoza kumupempha mmodzi kuti azifotokoza. Mwina mudzapha zilombo zitatu zokha usiku wonse. Pomaliza, amene munagwirizana nawo alembeni pa mndandanda wa anzanu ndipo afunseni ngati angabwerenso sabata yamawa. Ma guild angapo omwe ndikuwadziwa anayamba choncho.

Za kulipira kuti akunyamuleni, ndikukuletsani ndi mtima wonse. Kulipira ndi ndalama zenizeni n'koletsedwa m'malamulo a World of Warcraft ngakhalenso a Final Fantasy XIV, ndipo akaunti ikhoza kutsekedwa. Choopsa kwambiri ndi aja amati muwapatse pasiwedi kuti akusewerereni. Kubwereketsa akaunti n'kuphwanya malamulo pakokha, komanso ndi momwe anthu amaberedwera zonse zimene anasonkhanitsa. Kulipira ndi golide wa m'gemu kwa guild kapena osewera wamba kumaloledwa mu World of Warcraft, ngakhale kuti mu January 2022 a Blizzard analetsa mabungwe akuluakulu ochita malonda amenewa. Koma ngakhale zololedwazo sizithetsa vuto lanu. Mudzakhala ndi chizindikiro chonena kuti mukudziwa, manja asakudziwa. Ndinatengapo munthu wotere. Anaonetsa umboni wonse, koma chizindikiro chitagwa pamutu pake anaima pakati pa gulu osasuntha, tonse n'kuphedwa, kawiri. Akananena kuti ndi koyamba tikanamufotokozera mu mphindi imodzi. Poti anadzionetsa ngati wodziwa, anthu anakwiya, ndipo iye anachoka yekha ndi manyazi. Masiku ano atsogoleri ambiri amayang'ananso pa tsamba la intaneti la Warcraft Logs, pomwe zimaoneka ngati munthu anapha kamodzi kokha atafa mphindi yoyamba. Pomwe tili pa nkhani ya akaunti, ikani Authenticator, yotsimikizira kuti wolowa ndinudi, pa foni yanu lero lomwe, kuti pasiwedi yokha isakwanire kulowera.

Chinthu chaching'ono chimene chimaiwalika ndi netiweki. Ngati mukuona kuti munathawa bwinobwino koma mwafabe, yang'anani nambala ya kuchedwa kwa uthenga pakati pa kompyuta yanu ndi seva. Waya wolumikiza mwachindunji umaposa Wi-Fi, ndipo ngati seva ili kutali, zolowerani kusuntha chenjezo likangoyamba, osadikira kumaliza matsenga amene mwayamba kuponya.

Mwina mudzayesa zonsezi n'kuona kuti khalidwe la m'gemuyi silikukuyenerani. Zimachitika. Final Fantasy XIV, yomwe Naoki Yoshida ndi gulu lake anaikonzanso n'kuitulutsa kachiwiri mu 2013, inamangidwa mosamala pa nkhani ya obwera kumene. Watsopano amakhala ndi kamphukira kobiriwira pambali pa dzina kuti onse adziwe, akale amalandira mphoto akabwerera m'malo akale kukathandiza, ndipo m'gulu mukakhala munthu wolowa koyamba onse amapatsidwa zowonjezera. Pa chida chofufuzira magulu, mtsogoleri amasankha ngati gululo ndi loyeserera, lofuna kumaliza kapena lofuna zida, moti wophunzira amadziwa polowa. Ma raid ake ndi a anthu 8, ena a 24. Koma dziwani kuti pa ma raid ovuta a Savage zofunsana kuti wafika pati ziliponso, ndipo nkhani ya gemuyo ndi yaitali, muyenera kuidutsa yonse musanafike kumapeto. Ine ndikanakonda mupatse kaye World of Warcraft miyezi iwiri muli mu guild, chifukwa mapanga awiri avumbwitsa, ndipo zomwe mwaona mpaka pano ndi gemu ya munthu wopanda gulu.

Guild yoyamba ikhoza kusakuyenerani. Ipatseni sabata zitatu kapena zinayi. Mtsogoleri wouza munthu kuti "waima pamoto, sunthira kumanzere" akuchita ntchito yake, ndipo musakhumudwe nazo. Koma wotukwana, wonyoza munthu pagulu, kapena wolekerera nthabwala zonyoza akazi kapena mtundu wa anthu, ameneyo musamupirire poganiza kuti ndi mtengo wa raid. Tsanzikani mwaulemu, thokozani amene anakuthandizani, fufuzani kwina. Osewera amasamuka m'ma guild n'kukumananso, ndiye kuchoka bwino kudzakuthandizani mtsogolo.

Pali nthawi zina zofunika thandizo loposa langa. Munthu akamakutsatirani ndi mauthenga achipongwe kapena oopseza, jambulani sikirini, mutsekeni kuti asakulembereninso, ndipo mumunenere kudzera pa batani lodandaulira la m'gemu. Akaunti ikabedwa, pitani pa tsamba lenileni la kampani, ndipo musakhulupirire aliyense wokulemberani m'gemu kuti ndi wogwira ntchito kumeneko n'kumapempha pasiwedi. Dzanja likayamba kuchita dzanzi kapena kupweteka pamfundo mukatha kusewera, ndipo osasiya patapita sabata zingapo, kaonaneni ndi dokotala. Chomaliza ndikunena monga munthu amene waona anzake ena zikuwavuta. Raid imakhala ndi nthawi yoikika ndipo anthu amakudalirani, ndiye n'kosavuta kuyamba kuiika patsogolo pa tulo, ntchito ndi a pabanja. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vuto lokodwa ndi magemu pamndandanda wake wa matenda wa ICD-11. Limakhudza ochepa mwa osewera, ndipo zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, gemu kulanda malo a zinthu zina zofunika, ndi kupitirizabe ngakhale zinthu zikuonongeka. Mukadzaona zotere mwa inu, kapena a kunyumba akadandaula mobwerezabwereza, lankhulani ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo. Kwa munthu wogwira ntchito masana, masiku awiri pa sabata ndi okwanira kumaliza Heroic, ndipo ndi bwino kuwauziratu a kunyumba masikuwo musanalonjeze guild.

Mukapeza mpata mundilemberenso, mundiuze dzina la chilombo chinakuphani kawiri chija ndi zomwe kabokosi ka imfa kanaonetsa, tiunike limodzi pomwe munayenera kuima.